Tsiku Limene Ndinatsuka Babu la Apongozi

Pali zinthu zina zimene munthu umachita ndi mtima woyera ndiponso cholinga chabwino, koma ukazikumbukira patapita zaka umangofuna kudzifunditsa chitenje kumutu. Yanga ine ndi nkhani ya babu. Ana anga amaidziwa mokhota chifukwa anaimva kwa mayi awo, ndiye ndati ndiifotokoze ndekha ndikadali ndi mano, mwina wina mwa inu angandimvetse. (Sindikupempha kuti mundiikire kumbuyo. Kundimvetsa kokha basi.)

Ndinakulira ku Liwaladzi, m'zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, masamu ndi ine titagwirizana kuti aliyense ayende njira yake. Koma manja ndinali nawo. Ndinkamata mabwato, kusoka maukonde, kuwotcherera nyale zodontha, ndipo luso langa lenileni linali kudula mabotolo. Umatenga ulusi wa thonje, kuunyika m'palafini, kuukulunga pakhosi pa botolo, kuyatsa, ndipo moto ukangozima umaliviika botololo m'madzi ozizira. Limangoti the, n'kuduka mosalala ngati walicheka ndi mpeni. Theka la mudzi wathu linkamwera madzi ndi thobwa m'matambula odula ine, ndipo kunena zoona zimenezi zinkanditukumula.

Mtsikana amene ndinkamufuna anali Asiyatu, mwana wa a Kasimu eni chigayo. Iye anamaliza Sitandade 8, ndipo ankaseka pang'onopang'ono ngati akusungira mawa kuseka kwinako. A Kasimu anali munthu wa kofia yoyera ndi mawu ochepa. Akakuyang'ana unkayamba kukumbukira zolakwa za chaka chatha. Anagwira ntchito kumigodi ku Joni zaka zambiri, ndipo pobwerera anabwera ndi injini ya chigayo, dayinamo, mawaya ndi babu. Dayinamoyo anailumikiza ku lamba wa injini, mawaya n'kuwayendetsa pansungwi kuchokera kuchigayo mpaka m'chipinda chochezera. Babulo linali limodzi lokha, ndipo kuti upeze lina logwirizana ndi dayinamo imeneyo unayenera kutuma munthu wopita ku Blantyre n'kumudikira miyezi.

Vuto linali lakuti babu linkayaka pokhapokha injini ikulira, ndipo a Kasimu sakanatentha dizilo dzuwa litalowa chifukwa chongofuna kuona nkhope za ana awo. Choncho magetsi oyamba a m'mudzi mwathu ankayaka masana. Kukabwera alendo olemekezeka, ankawalowetsa m'nyumba, kutseka chitseko ndi zenera kuti mukhale mdima, kenako n'kuyatsa. Alendowo ankakhala m'menemo thukuta lili kamukamu, makosi ali m'mwamba, kunja dzuwa likuswa mtengo. Palibe amene ankaona kuti n'zoseketsa. Ukauzidwa kuti “a Kasimu akuyatsira babu” unkadziwa kuti wawerengedwa m'gulu la anthu.

Mwamwambo wathu nkhani ya ukwati ndi ya atsibweni, ndipo atsibweni a Asiyatu anali atavomera kale chamumtima. Koma bambo amene ali ndi chigayo sungamusiye kunja kwa nkhani. A Kasimu anali asanatsimikize, chifukwa kunalinso kalaliki wina wa ku boma, wa njinga yatsopano ndi cholembera pathumba la malaya, amene ankabwerabwera kudzagayitsa chimanga ngati kuti ku boma kulibe zigayo. Atsibweni anga, a Bwanali, anapangana nawo tsiku lodzamva yankho lomaliza. Kutatsala masiku atatu ndinakumana ndi Asiyatu panjira ya kuchitsime.

“Bambo sakukukanani,” anatero, “komanso sanakufuneni. Akuti akuoneni kaye.”

“Andione chiyani chimene sanachione?”

“Chimenecho sindidziwa. Koma chonde, masiku ano muzingochita zimene akutumani. Zimene akutumani zokha.”

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati zimenezo ndi nzeru za munthu amene sakupikisana ndi kalaliki.

Dzulo lake la tsiku lalikululo kunali msonkhano wa chipani ku boma. Masiku amenewo msonkhano ukaitanidwa, sitolo, chigayo ndi msika zinkatsekedwa, ndipo mudzi wonse unkakwera lole, amayi atavala nsalu zawo zovinira. A Kasimu anapempha atcheyamani kuti ine nditsale ndilondere chigayo. Asanakwere anandilozera mipando iwiri ya m'chipinda chochezera imene miyendo yake inkagwedera.

“Alendo a mawa asadzagwe,” anatero. Anandipatsa kiyi wa nyumba, chinthu chimene kalaliki uja anali asanachigwirepo, ndipo ndinayenda pabwalopo ngati nyumbayo ndamanga ndine.

Mipando ndinaimaliza dzuwa lisanafike pamutu. Ndinakhala pa umodzi kuti ndiuyese, ndinatsamira, n'kuyang'ana kudenga. Ndikanakhala munthu wamwayi ndikanayang'ana pansi. Babu lija linali lendelende pamwamba panga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaliona pafupi lili lozima. Mbali imodzi ya galasi lake inali itada bii chamkati.

Apa ndipemphe kuti mukumbukire kumene ndinakulira. Kwathu galasi la nyale linkatsukidwa madzulo alionse. Unkakweza kawaya, kutulutsa galasi, kulipukuta mwaye ndi phulusa ndi kansanza, n'kulibwezera. Nyumba imene galasi la nyale yake linali lakuda inkatchedwa ya alesi, ndipo anthu ankainena kudambwe ndi kumtondo komwe. Ndiye ine kuona nyale yolemekezeka kuposa zonse m'mudzi muno ili ndi mwaye wa zaka, mtima unandipweteka. Ndinaganiza kuti a m'nyumbamo akuopa kuligwira, ndipo akungodikira munthu wamanja.

Za mmene babu limagwirira ntchito ndinali nditazilingalira kale ndekha, ndipo ndinali wokhutira nazo. Magetsi ndi mtundu wina wa palafini amene amayenda m'mawaya. Kawaya kali m'katimo ndi chingwe cha nyale. Galasi ndi lotchinga mphepo. Tsono chingwe chikamayaka mwaye sulephera, ndipo mwaye mankhwala ake ndi phulusa. (Mukaiona bwino nzeru imeneyi mupeza kuti ilibe polowera. Vuto lake limodzi lokha n'lakuti ndi yabodza.)

Ndinakwera pampando, ndinalikankha pang'ono n'kulipotoza, ndipo linatuluka. Ndinakhala nalo pakhonde n'kuyamba kufufuza potsegulira. Ndinapotoza kachitsulo ka kumutu kwake, osatheka. Ndinafuna kawaya kokwezera galasi, kalibe. Pamenepo munthu wanzeru akanadzifunsa chifukwa chimene opanga anamatira chinthucho mpaka kusasiya ndi pobayira singano pomwe. Inenso ndinadzifunsa, ndipo ndinadziyankha kuti anachitira dala kuti likada tizikagula lina. Ndinaseka ndekha poganiza kuti akuluakulu amenewo sankadziwa kuti ku Liwaladzi kuli ine.

Ndinathamangira kwathu kukatenga ulusi, palafini, nthenga ya nkhuku ndi phula la njuchi. Ndinasankha ulusi wowonda kwambiri, chifukwa galasi la babu ndi lopyapyala ngati chikhokhombe cha dzira. Ndinaukulunga kawiri pakhosi pake, pafupi ndi kachitsulo, ndinayatsa, ndinalitembenuza pang'onopang'ono, ndipo moto utazima ndinadonthezapo madzi. Linati the. Kenako ndinamva kaphokoso kena kakang'ono kakuti fyuu, ngati munthu wausa moyo. Ndinaima kaye n'kumvetsera. Popeza sikanabwerezenso, ndinati ndi fumbi la ku Joni likutuluka.

Kuvula galasilo osakhudza za m'kati ndiyo inali ntchito, ndipo mpaka lero ndimanyadira mmene ndinaigwirira. Ndinalikoka pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira. Kawaya kaja kanatsala poyera, katapachikidwa patimiyendo take tachitsulo. Kanali kowonda kuposa tsitsi, kopotanapotana, ndipo kankanjenjemera ngakhale ndi kugunda kwa mtima wanga. Ndinakaimika m'kapu, n'kuvundikira ndi dengu kuti ntchentche ingakaterepo.

Mwaye wake unali wamakani, wosiyana ndi wa palafini. Ndinalowetsa phulusa lonyowa, ndinapukusa ndi nthenga, ndinatsukuluza, ndinabwerezanso kanayi. Potsiriza galasi linayera mbee. Ndinaliyanika padzuwa kuti liume bwinobwino, ndinalivekanso mosamala, ndinamata pamzere pamene ndinadula paja ndi phula la njuchi, n'kukulungapo ulusi woyera kuti pasaoneke. Ndikulibwezera kudenga maso anga anakumana ndi a Pulezidenti pachithunzi chawo chimene chinali pakhoma. Iwo okha ndiwo anali mboni, ndipo ndikuganiza kuti anandiyang'ana mokayika.

Anthu atabwerako ku msonkhano, a Kasimu anakhala pampando woyamba n'kudzigwedeza, anakhala pa wachiwiri n'kudzigwedezanso.

“Ili bwino,” anatero.

Kudenga sanayang'ane. Mawu anafika pakhosi kuti ndiwauze, koma ndinawameza. Ndinafuna kuti adzaone okha mawa, pamaso pa atsibweni anga, kuwala kukadzawirikiza. Ndinali nditakonza kale nkhope yodzichepetsa yodzalandirira mayamiko.

M'mawa mwake a Bwanali anafika atavala jekete lobwereka, lomwe manja ake ankalekezera panjira. Anawalandira m'chipinda chochezera muja, momwe munali a Kasimu ndi atsibweni a Asiyatu. Ine, monga mwini nkhani, malo anga anali kunja. Asiyatu analowetsa mbale yaikulu ya mpunga ndi chambo, anaiika patebulo pakati, n'kukakhala pansi pafupi ndi chitseko cha kuchipinda. Kenako a Kasimu anasuzumira panja.

“Kalize injini,” anandiuza. Ankafuna kuwayatsira babu atsibweni anga, ndipo chimenecho chinali chizindikiro chabwino.

Ndinapukusa injini ija ndi mphamvu zanga zonse, ndipo itangogunda ndinathamanga kubwerera kunyumba. Zenera linali litatsekedwa kale, koma thabwa lake linali ndi mng'alu, ndipo ndinaikapo diso. M'katimo munali mdima. Ndinamva a Kasimu akuti “Bismillah,” kenako swichi inati thwa.

Abale anga, babu lija linawala. Linawala kuposa tsiku lina lililonse chibwerereni ku Joni. Ndinaona ndevu za a Bwanali imodziimodzi, ndinaona minga ya chambo, ndinaona a Kasimu atakweza nsidze. Chifuwa changa chinakula, ndipo ndikanakhala ndi mchira ndikanaugwedeza. Ulemerero umenewu unatha nthawi imene munthu amatenga pomeza malovu kawiri. Kenako m'galasi muja munayamba kuzungulira utsi woyera, kuwala kunasanduka kofiira, ndipo kawaya kanangoti phethi n'kuzima. Mumdimamo munamveka kuti phu, kenako chinthu chinagwera pofewa.

Injini inkangogunda kuchigayo osadziwa kanthu. Amene anayamba kulankhula anali atsibweni anga.

“Pepani eni nyumba, kodi chagwera mumpungachi n'chiyani?”

A Kasimu anatsegula zenera, ndipo chinthu choyamba chimene anachiona kunja chinali nkhope yanga, diso limodzi lidakali chotsinzina. Anabwerera patebulo n'kutola galasi lija, lomwe linali litakhala bwinobwino pamwamba pa mpunga, losasweka. Anachotsa ulusi, ananunkhiza phula lomwe linali litasungunuka ndi kutentha, n'kuyendetsa chala pamene ndinadula paja. Ku Liwaladzi konse kunali munthu mmodzi yekha wodula galasi choncho, ndipo a Kasimu ankamwera madzi m'tambula yake tsiku lililonse.

“Kazimitse injini, ubwere kuno,” anatero.

Ulendo wochokera kuchigayo kufika pakhomo paja ndi wa mapazi makumi atatu, koma ndinaganiza zambiri. Ndinaganiza zothawira ku Mwadzama kwa azakhali. Ndinaganiza zokana. Ndinaganiza za kalaliki atakwera njinga yake, Asiyatu ali pakaliyala. Ndinachita mantha enieni, komabe ndinalowa m'nyumbamo. Ndinavula nsapato n'kukhala pansi.

“Unalitani babu langa?”

“Ndinalitsuka, bambo.”

“Unalitsuka.”

“Linali ndi mwaye m'kati. Ndinati alendo angatinene.”

A Bwanali anakhosomola, anakonza jekete lawo, n'kulankhula ndi mawu aulemu kwambiri. “Eni nyumba, mwanayu n'zoona ndi wa mlongo wanga. Koma ndinene pano kuti nthawi yambiri anakulira kwa abambo ake.” (Munthu ameneyu anandilera kuyambira ndili wosavala. Sindinawaiwalire mawu amenewa mpaka tsiku la maliro awo.)

A Kasimu anayang'ana kuchitseko cha kuchipinda. Anaitana mwana wawo. “Asiyatu, tamuuza mnzakoyu zimene anakuphunzitsani kusukulu. Ndikamuuza ine ndilankhula zoipa pamaso pa alendo.”

Asiyatu anasendera pafupi atagwada, maso ali pansi, koma ndinaona kuti mapewa ake akugwedezeka.

“Kawaya kaja si chingwe cha nyale,” anayamba choncho. “Sikayaka moto. Magetsi akamadutsa m'mawaya aakulu amayenda momasuka, koma akafika pa kawaya kowonda kaja amadutsa movutikira, mopanikizana, ndiye kamatentha. Kamatentha ngati chitsulo cha m'ng'anjo, kufiira, kenako kuyera, ndipo kuyerako ndiko kuwala kumene timaona.”

“Nanga galasi?” anafunsa atsibweni ake, amene ankaoneka kuti nkhaniyi ikuwakomera.

“Galasi si lotchinga mphepo, atsibweni. Ndi lotsekera kunja mpweya umene timapumawu. Opanga amauchotsamo wonse asanamate. Khala lamoto mukaliuzira limanyeka msanga n'kusanduka phulusa. Kawayanso n'chimodzimodzi. Popanda mpweya kamangotentha osapsa, zaka ndi zaka. Mpweya ukalowa kamapsa nthawi yomweyo.”

Pamenepo ndinakumbukira kaphokoso kaja kakuti fyuu. Sikanali fumbi la ku Joni likutuluka. Unali mpweya wa ku Liwaladzi ukulowa.

“Koma mwaye unalimo,” ndinatero ndi mawu otsika, pofuna kupulumutsako kena kake. “Ndinauona ndi maso angawa.”

“Sunali mwaye,” anatero Asiyatu. “Ndi kawaya komweko. Kakamatentha zaka zambiri kamatha pang'onopang'ono, tizidutswa take n'kumamatirira kugalasi. Inu munatsuka ukalamba wake.”

Atsibweni a Asiyatu anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kofia. Ine sindinaseke, chifukwa ndinaona nkhope ya a Kasimu. Anali ataimirira pampando, atachotsa chotsalira cha babu chija, ndipo anali kuchiyang'ana m'dzanja lawo.

“Babu ili,” anatero pang'onopang'ono, “ndinalikulunga m'masokosi. Kuchoka ku Joni mpaka kutsika sitima pa Salima ndinalinyamula pamiyendo, osagona, kuopa kuti wina angalikhalire. Ndinapirira zaka zonse zija pansi pa nthaka kuti tsiku lina m'nyumba mwanga mudzawale.”

Sindinachitepo manyazi otere chibadwire. Mpaka nthawi imeneyo ndinkangodzidandaula ndekha, koma apa ndinawamvera chisoni bambo aja, ndipo misozi inalengeza. Ndinati, “Ndalakwa, bambo. Ndinkafuna kuti mundione kuti ndine munthu wothandiza.” Ndinadziwa kuti nkhani ya ukwati yathera pomwepo, ndipo a Bwanali anali atayamba kale kuyang'ana kumene anaika chipewa chawo.

A Kasimu anakhala pansi. Anatenganso galasi lija n'kuliyang'anitsitsa pawindo, kenako anayang'ana timiyendo ta kawaya, tomwe tinali chiimire, osapindika ngakhale kamodzi.

“Unalivula bwanji osathyola izi?”

“Pang'onopang'ono, bambo. Osapuma.”

A Kasimu anazunguliza galasi lija m'dzanja, mpunga ukuzizira. Kenako anatembenukira kwa atsibweni anga.

“A Bwanali, kalaliki uja ndamuyatsira babu ili kanayi. Analiona kuti lada, koma sanafunse n'komwe. Wanuyu waliona kamodzi, walimvera chisoni, walipha.” Anaika galasi patebulo. “Manja ali nawo, ndipo sindinaonepo otere ngakhale kumigodi. Mutu ndiye alibe. Koma mutu mwana wangayu ali nawo wokwanira anthu awiri. Ndikamupereka kwa kalaliki, m'nyumbamo mukhala mitu iwiri yomangokangana denga likudontha. Bola uyu.”

Ine ndinali ndisanamvetse ngati anditukwana kapena andipatsa mkazi. Zinapezeka kuti anachita zonse ziwiri.

“Koma pali lamulo limodzi,” anapitiriza. “Chinthu chilichonse chokhala ndi waya asachikhudze asanafunse mkazi wake. Moyo wake wonse.”

“Wamva,” anayankha a Bwanali mofulumira, osandiyang'ana n'komwe. “Ndi mwana womvera ameneyu. Ndinamulera ndekha.” Atatero anasamba m'manja n'kuyamba mpunga, kuyambira mbali imene sinagwere galasi.

Babu lina linafika patapita miyezi isanu, ife titakwatirana kale, ndipo tsiku loliyatsa anandikhazika pakhonde. Dzina lakuti Atsukababu linandimatirira, moti alipo anthu ku Liwaladzi amene amaganiza kuti ndi la makolo.

Lero tili ndi zidzukulu, ndipo magetsi enieni anafika kwathu. Babu likapsa m'nyumba mwathu, Asiyatu, ndi imvi zake ndi bondo lake lovuta, ndiye amakwera pampando kukasintha. Ine ntchito yanga ndi kugwira mpandowo. Alendo akationa amandiyang'ana ngati mwamuna wopanda chisoni, ndipo ndinatopa nako kufotokoza.

Phunziro ndinalitola: usatsegule chinthu chimene eni ake anachitseka dala usanafunse chifukwa chake. Ndimawauzanso ana zimenezi ndi nkhope yoopsa. Koma ndikagwira mpando paja, maso ali m'mwamba, ndimaganizabe kuti kutsukako sikunali kolakwika, cholakwika chinali kubwezera galasi mpweya udakali m'kati. Munthu atatenga pampu ya njinga, n'kutembenuza kachikopa ka m'kati kuti izikoka m'malo mopopa, ndikukhulupirira kuti zikhoza kutheka. Ndinamutchulirapo Asiyatu kamodzi ali pampando pomwepo. Sanayang'ane n'komwe pansi. Anangoti, “Gwirani mpando, bambo,” ndipo madzulo ake pampu yathu inakagona kwa aneba.